Makalata a Omvera: Masipika Akulira Ndikamaimba Gitala

Zikomo achimwene a ku Balaka chifukwa cha kalata yanu. Mukuti mukayandikiza maikolofoni pa gitala yanu kutchalitchi, masipika amalira mosokosera. Ndikuganiza kuti mumailozetsa pabowo la gitalayo. Isuntheni, iyang'ane pomwe khosi la gitala limalumikizana ndi bokosi, ndipo musaime kutsogolo kwa sipika.

Ndalama zikapezeka, gulani pickup. Ya maginito, yomangirira pabowo, imamva nsambo zachitsulo zokha. Za nayiloni siizimva n'komwe. Ya piezo imalowa pansi pa kafupa komwe nsambo zimatsamira, koma imeneyo akuikireni amisiri, musaboole nokha chonde. Fishman ndi LR Baggs amapanga zabwino, kungoti mtengo wake ndi wowawa. Zambiri za piezo zimayendera batire la 9V, ndiye muziyenda ndi lapadera m'thumba.