Ulendo Woyeserera Wopita ku Mwezi

Ulendo woyeserera wopita ku mwezi ndi phunziro limene ana asukulu amachita ngati ali m'chombo chopita kumwamba, koma ali pansi pompano.

Mwezi uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 384,000 kuchokera padziko lapansi. Oyamba kupondako anali Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin a ku America, pa 20 July 1969. Chombo chawo, Apollo 11, chinayenda masiku atatu kuti chiyandikire mwezi. Asananyamuke anakhala miyezi yambiri akuyeserera m'zipinda zomangidwa mofanana ndi chombocho. Phunziro la ana limeneli linatengera pamenepo.

Linafala kwambiri pambuyo pa ngozi ya mu January 1986, pamene chombo cha Challenger chinaphulika chitangonyamuka, n'kupha anthu asanu ndi awiri. Mmodzi mwa iwo anali mphunzitsi, Christa McAuliffe. Mabanja ofedwa anagwirizana zotsegula malo ophunzitsira ana za mlengalenga, ndipo malo oyamba anatsegulidwa ku Houston mu 1988.

Kumalo otere kalasi imagawidwa pawiri. Gulu lina limalowa m'chipinda choimira chombo, lina limatsala m'chipinda choyang'anira ulendo. Maguluwa sakhala pamodzi, amangolankhulana pa wailesi. Mwana aliyense amapatsidwa ntchito yakeyake: wina kulondola njira, wina kuyeza mpweya ndi madzi, wina kuona za thanzi la anzake, wina kutumiza mauthenga. Ulendo uli mkati, mphunzitsi amabweretsa vuto mwadala. Mwachitsanzo, amalengeza kuti mpweya wopuma ukuchepa m'chombo. Woyeza amawerenga nambala n'kuuza wotumiza mauthenga, iyeyo n'kuuza apansi. Apansi amawerengera mphindi zimene zatsala, n'kubweza malangizo. Mmodzi akangophonya nambala, kapena akalankhula mothamanga, onse asokonekera. Phindu lenileni lagona pamenepa, chifukwa mwana amaona yekha kuti masamu ndi kumvetsera bwino zingapulumutse moyo. Ulendo ukafika pakati magulu aja amasinthana.

Anawo amaphunziranso mmene mwezi ulili. Kulibe mpweya, choncho munthu sangapume, ndipo ngakhale atakuwa chotani mnzake sangamve popanda wailesi. Mphamvu yokokera zinthu pansi ndi yochepa kasanu ndi kamodzi poyerekeza ndi ya kuno. Thumba la feteleza la makilogalamu 50 lingamveke ngati la makilogalamu 8 okha.

Maganizo oyeserera ulendowu si achilendo kwathu kuno. Cha m'ma 1964, mphunzitsi wa sayansi wa ku Zambia, Edward Makuka Nkoloso, anasonkhanitsa achinyamata pafamu ina kunja kwa mzinda wa Lusaka. Ankawalowetsa mumgolo n'kuugubuduza pamtsetse, komanso ankawakweza pa katungwe, kuti azolowere kuzungulira ndi kupepukidwa thupi. Anapempha ndalama ku bungwe la UNESCO koma sanapatsidwe, ndipo ntchitoyo inathera pomwepo. Ambiri anamuseka. Za mgolozo n'zoopsa ndipo si zoyenera kutengera, komabe iye analondola pa mfundo yakuti mwana wa mu Africa nayenso ali ndi ufulu wophunzira za mlengalenga.

Sukulu ngati ya ku Chimbiya ingathe kuchita phunziroli popanda kompyuta. Makalasi awiri, mafoni awiri kapena mwana wothamangitsa timakalata, ndi mapepala olembapo ntchito ya aliyense n'zokwanira. Pofuna kusonyeza mtunda, mwana mmodzi amanyamula mpira wamiyendo kuimira dziko lapansi. Wina amanyamula lalanje laling'ono kuimira mwezi, n'kukaima mamita asanu ndi limodzi ndi theka kuchokera pa mnzakeyo. Muyeso umenewu ndi wolingana ndi kukula komanso kutalikirana kwenikweni kwa ziwirizi.

Usiku wopanda mitambo m'miyezi yachilimwe, kumapiri a ku Dedza mwezi wathunthu umaoneka bwino lomwe. Mawanga akuda amene ali pamwezipo ndi zigwa za miyala imene kalekale inasungunuka n'kuumanso, ndipo Apollo 11 inatera pa chimodzi mwa zigwa zimenezi. Anthu amene anayenda pamwezi m'maulendo a Apollo ndi 12, ndipo omaliza anachokako mu December 1972.