Matenda Akalowa Pakhomo: Malangizo kwa Banja Lachikhristu

Kutchalitchi timaimba ndi kupemphera tili gulu, koma kusambitsa agogo amene afa ziwalo, kudzuka pakati pa usiku kumwetsa mwana mankhwala ndi kuchapa zofunda zonyowa zimachitikira kunyumba, kumene kulibe wotiona. Kumeneko ndi kumene kutsata Yesu kumaonekera. Pa Mateyu 25, Ambuye anaika kuzonda wodwala pamodzi ndi kudyetsa wanjala ndi kuveka wausiwa, ndipo anaonetsa kuti zimene tachitira anthu otere tachitira iwo eni. Choncho pakhomo pa Mkhristu pemphero, mankhwala ndi ntchito ya manja ziyenera kuyendera limodzi, popanda china kulepheretsa chinzake.

Pempherani muli panjira

Alipo abale amene amaona ngati kupita kuchipatala ndi kuchepa chikhulupiriro. Baibulo siliphunzitsa zimenezo. Mfumu Hezekiya itadwala, Mulungu anamva pemphero lake, komabe mneneri Yesaya analamula kuti pachithupsa chake aikepo nkhuyu (2 Mafumu 20). Msamariya wachifundo anathira mafuta ndi vinyo pa mabala a munthu wovulala uja, anawamanga, anamunyamula, n'kulipiranso womusamalira. Kwathu kuno mipingo ndiyo inamanga zipatala monga Nkhoma, Mulanje Mission, Malamulo ku Thyolo, St Luke's ku Malosa ndi Mlambe ku Lunzu, ndipo mpaka lero zikugwira ntchito pansi pa bungwe la CHAM. Amene anazimanga anali anthu opemphera.

Pali zizindikiro zosafunika kudikira kuti kuche, ngakhale kudikira abusa. Mwana akamakomoka, akamakana kuyamwa, akamasanza chilichonse kapena akamapuma mobanika, nyamukani. Mayi woyembekezera akamataya magazi, kapena akamamva mutu waukulu maso n'kumachita chidima, nyamukani. Wamkulu akapindika pakamwa, akafooka mbali imodzi kapena akayamba kulephera kuyankhula, mwina ndi sitiroko, ndipo ola lililonse lochedwa limaonongetsa. Kutsekula m'mimba kwa madzi ooneka ngati otsukira mpunga kungakhale kolera, matenda amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno pa mliri wa 2022 ndi 2023. Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira Waterguard, ndipo muzimumwetsa pang'onopang'ono mukuyenda. Thupi likatentha, kayezetseni malungo musanagule mankhwala pagolosale. Chifuwa chikafika masabata awiri, kayezetseni makhololo.

Mankhwala amwedwe mokhulupirika

Kukhulupirika pa zazing'ono kumene timaphunzitsidwa kumakhudzanso mapilitsi. Mankhwala a malungo a LA amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku 3, ndipo amalizidwe ngakhale thupi litazizira tsiku lachiwiri. A TB amatenga miyezi 6 kapena kuposerapo. Ma ARV, mankhwala a BP, a shuga ndi a khunyu ndi a tsiku ndi tsiku. Njira yosavuta yosaiwalira ndi kulumikiza nthawi ya mankhwala ndi nthawi ya pemphero: m'mawa mukamaliza kupemphera amwe, madzulo chimodzimodzi. Munthu mmodzi pakhomo akhale woyang'anira zimenezi, azisunga buku la kuchipatala pamalo ouma, ndipo azidziwa tsiku lokatenga mankhwala ena.

Wina akakupemphererani n'kunena kuti mwachira, tayani mankhwala, musataye. Yesu atachiritsa wakhate anamutumiza kwa wansembe, amene pa nthawiyo ndiye anali ndi udindo woona ngati khate latha (Marko 1). Machiritso enieni saopa kupimidwa. Bwererani kuchipatala, akuyezeni, ndipo wosintha kapena kuimitsa mankhwala akhale dokotala. Munthu amene wasiya ma ARV amaoneka bwino kwa kanthawi, koma kachilombo kamachulukanso m'thupi, ndipo mankhwala amene ankamwa aja akhoza kusiya kumuthandiza.

Chenjeraninso ndi ogulitsa madalitso. Elisa anakana mphatso za Naamani atachira, ndipo Gehazi amene anazithamangira analangidwa (2 Mafumu 5). Ndalama imene mukanagulira madzi kapena mafuta otchedwa odalitsidwa isungeni ikhale ya thiransipoti ndi chakudya cha wodwala. Ngati banja lafuna kusala kudya, asale amene ali bwino. Wodwala, makamaka wa shuga, mayi woyembekezera ndi ana asasale. Ngati wodwala akumwanso mankhwala azitsamba, auzeni adokotala osabisa, chifukwa ena amalimbana ndi a kuchipatala.

Ntchito ya manja

Ambuye amene anamanga nsalu m'chiuno n'kusambitsa mapazi a ophunzira awo anatisonyeza kuti beseni ndi thaulo si zonyozeka. Wodwala amene sangathe kudzitembenuza yekha muzimutembenuza maola awiri aliwonse, apo ayi amatuluka zilonda kumunsi kwa msana, m'chiuno ndi m'zidendene, ndipo zilonda zimenezi n'zovuta kupola. Pomusambitsa yang'anani malo amenewa. Khungu likasintha mtundu, musamugonekenso mbali imeneyo mpaka libwerere. Pansi pa chitenje chogonera yalani pepala la pulasitiki, ndipo chikanyowa chisinthidwe nthawi yomweyo. Mupukuteni aume bwino, kenako mum'dzoze mafuta.

Pomudyetsa mukhazikeni tsonga kuti asatsamwe. Chakudya chikhale chochepa koma cha pafupipafupi: phala la mgaiwa lothira nsinjiro, Likuni Phala, dzira, usipa wosinja, nthochi, papaya. Ngati ndi wa shuga kapena wa BP, tsatani zimene anakuuzani kuchipatala pa za shuga ndi mchere. Akadya mutsukeni m'kamwa. Tsekulani mawindo kuti mphepo izidutsa, makamaka ngati akutsokomola, ndipo usiku agone mu neti. Pogwira magazi, mafinya kapena chimbudzi valani magolovesi, ngati palibe valani majumbo, kenako sambani m'manja ndi sopo.

Ulemu wake usachoke chifukwa chakuti wagona. Polowa nenani "odi". Pomusambitsa tsekani chitseko ndipo muphimbeni mbali imene simukusambitsa. Ngati n'kotheka, bambo asambitsidwe ndi mwamuna mnzake, mayi ndi mkazi mnzake. Musamakambirane za iye ali pomwepo ngati kuti palibe, ngakhale atakhala kuti sakuyankha, pakuti makutu nthawi zambiri amamvabe.

Ululu waukulu si mtanda woti munthu angousenza. Kuli chisamaliro cha odwala matenda amgonagona, monga ku Tiyanjane pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Ndi Moyo ku Salima, ndipo zipatala zina za boma ndi za mishoni zimaperekanso mankhwala amphamvu opha ululu. Funsani anamwino kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti akulozereni koyandikira.

Mapemphero pafupi ndi wodwala

Pemphero la pa wodwala likhale lalifupi ndi la mawu otsika. Kufuula ndi kumugwedeza kumangomutopetsa. Musanayambe mufunseni, "Amayi, tikupempherereni chiyani lero?" Mudzapeza kuti chimene chikuwasowetsa tulo mwina si matendawo, koma fizi ya mwana kapena m'bale amene anayambana naye. Werengani ndime zochepa, muimbe nyimbo imene iwo amaikonda. Salimo 23 ndi Salimo 121 amatonthoza, koma musaope kuwerenganso Salimo 13 kapena 88, momwe munthu akudandaulira Mulungu mosabisa. Wodwala akafunsa kuti Mulungu ali kuti, musamukalipire. Mafunso otere ali m'Baibulo momwemo.

Yakobo 5 amalangiza wodwala kuitana akulu a mpingo kuti amupempherere ndi kumudzoza mafuta. Musadikire kuti abusa amve mphekesera, auzeni nokha. Akatolika akumbukire kuti sakramenti la kudzoza odwala si la amene akutsirizika okha. Itanani abambo mfumu wodwalayo adakali ndi mphamvu zolapa ndi kulandira Ukaristia. Mipingo inanso yambiri imapereka Mgonero kunyumba kwa amene sangathe kuyenda, ndipo n'koyenera kupempha. Ana asathamangitsidwe pa mapempherowa, pokhapokha matendawo ali opatsirana. Mwana amene watungira agogo ake madzi ndi kuwawerengera vesi waphunzira chinthu chimene Sande sukulu payokha singamuphunzitse.

Mukapita kukazonda

Anzake a Yobu anachita bwino masiku 7 amene anakhala naye chete. Analakwa atayamba kumufunira tchimo limene linabweretsa mavuto ake. Ophunzira atafunsa Yesu kuti anachimwa ndani pa za munthu wobadwa wosaona, Yesu anakana kuti khungulo linali chilango cha tchimo lake kapena la makolo ake (Yohane 9). Choncho musalowe m'nyumba ya matenda ngati woweruza. "Pepani ndi matenda, mwagona bwanji?" ndi mawu okwanira kuyambira, kenako mvetserani. Musasimbe za uje amene anamwalira ndi nthenda yomweyo, ndipo musasinthe mankhwala a munthu chifukwa chakuti inu anakuthandizani ena.

Musakhalitse, ndipo musayembekezere tiyi pakhomo pamene ufa ukuperewera. Bwerani ndi kanthu m'manja: sopo, mtolo wa nkhuni, ufa pang'ono, kapena tengani ndowa mukatunge madzi. Ngati muli ndi chimfine, tumizani moni, mudzapite mukachira. Zimene mwaona ndi kumva zitsale komweko. Kutchula nthenda ya munthu pagulu ponena kuti timupempherere, iye asanalole, ndi miseche basi, ndipo kumachititsa ena kubisa matenda awo mpaka zitafika poipa.

Matenda akakhalitsa, kumabwera mawu akuti pali wina amene wachita. Mkhristu atseke pakamwa pa zimenezi ndipo aletse anzake. Okalamba osalakwa amenyedwa, ena aphedwa, chifukwa cha mawu otere, ndipo lamulo la dziko lino la 1911 limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Banja limene likusakasaka womuloza chala limaiwala kusamalira wodwala.

Wodwazika matenda naye asamaliridwe

Munthu wofa ziwalo wa pa Marko 2 ananyamulidwa ndi anthu anayi. Koma m'makomo ambiri ntchito yonse imagwera mayi mmodzi, kapena mtsikana amene amasiyitsidwa sukulu. Mutu umodzi susenza denga. Khalani pansi monga banja, mugawane: uyu agone naye Lolemba, uyu aziphika, uyu azikatenga mankhwala, amene ali kutauni kapena ku Joni azitumiza ndalama pa tsiku lodziwika. Abambo ndi anyamata nawonso achape ndi kunyamula. Mwana wa sukulu athandize akaweruka, koma asajombe.

Eliya atatheratu mphamvu m'chipululu, Mulungu anayamba wamupatsa chakudya ndi tulo asanayankhule naye (1 Mafumu 19). Wodwazika nayenso adye, agone, apeze tsiku lopita kutchalitchi kapena kumunda. Akapsa mtima kapena kulira, watopa, ndipo chofunika ndi kumulandira ntchito. Apa ndi pamene amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Dorika ndi akhristu a m'miphakati angathandize kwambiri. M'malo mobwera onse tsiku limodzi, lembani mayina kuti tsiku lililonse pabwere mmodzi kapena awiri. Kumbukiraninso gadiyani amene ali kuchipatala, amene amagona pansi ndi kuphika panja. Mupititsireni nkhuni ndi ndiwo, ndipo wina akamusinthe.

Ngati kuchira sikukubwera

Paulo anapempha katatu kuti chomusautsa m'thupi chichoke, koma sichinachoke (2 Akorinto 12). Iye yemweyo anasiya mnzake Trofimo akudwala ku Mileto. Kusachira si umboni wakuti wodwala kapena banja lake alibe chikhulupiriro, ndipo n'kulakwa kumusenzetsa mlandu umenewu pamwamba pa ululu. Pitirizani kupempha machiritso, koma adokotala akanena kuti nthendayo yafika patali, musamunamize wodwala akafunsa. Muuzeni zoona mofatsa, pamlingo umene iye akufuna kumva.

Nthawi imeneyi ndi yoitana amene anasemphana naye kuti akhululukirane, ndi yomulola kulangiza ana ake. Ndi nthawinso yokonza za pakhomo. Kulemba wilo sikuitana imfa, ndipo ndi bwino kulemba munthu adakali ndi nzeru zake zonse, pamaso pa mboni ziwiri. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo kulanda katundu wawo ndi mlandu. Mpingo umene unaimba pa maliro uyenera kuimanso ndi wamasiye abale akabwera kudzagawa katundu. Koma wodwala akachira, banja libwerere kukathokoza Mulungu, lithokozenso anamwino ndi onse amene anatunga madzi.

Yambani matenda asanafike

Banja limene silipemphera pamodzi pa mtendere limavutika kuyamba pa tsiku la mavuto. Sankhani nthawi madzulo aliwonse, mukatha kudya, yowerenga ndime imodzi ndi kupemphererana. Sungani kandalama kapadera ka matenda, kaya kunyumba kaya ku banki mkhonde. Dziwani wa njinga yamoto kapena wa galimoto amene mungamudzutse usiku, ndipo nambala yake ikhale mu foni ya aliyense. Akuluakulu akayezetse BP, shuga ndi magazi asanayambe kumva kupweteka, ana alandire katemera yense. Ndipo sabata ino funsani amkulu a mpingo kapena atsogoleri a mphakati kuti ndani m'dera lanu wagona nthawi yaitali, mulembetse tsiku lanu lokamusamalira.