Musanalumikize babu, fani ndi kontirola m'makina ofungatira mazira

Alimi ambiri a nkhuku masiku ano akudzipangira okha makina ofungatira mazira. Amatenga bokosi la matabwa kapena firiji yakufa, n'kuikamo babu, fani ndi kontirola. Kontirola ndi kachipangizo kamene kamayatsa ndi kuzimitsa babu kuti kutentha kukhale pa 37.5°C mpaka anapiye aswe pa tsiku la 21. Kupanga bokosi si kovuta. Pamene anthu amawotchera ndalama ndi pa mawaya.

Yambani ndi kuwerenga, osati kulumikiza. Tembenuzani kontirola muone zolembedwa kumbuyo kwake. Mtundu umodzi womwewo umapangidwa mosiyanasiyana, ina ya 12V, ina ya 24V, ina ya 220V, koma pamaso zimafanana ngati mapasa. Ya 220V ndi yoyendera magetsi a ESCOM, amene amafika m'nyumba pa 230V. Ya 12V ndi ya batire kapena sola. Mukatero werengani chimodzichimodzi pa fani, pa babu ndi pa mota yotembenuza mazira, n'kulemba manambala onsewo papepala. Ntchito imeneyi siposa theka la ola.

Tsono mvetsetsani apa, chifukwa makontirola sagwira ntchito mofanana. Ena, monga W3001, amatulutsa magetsi omwewo amene mwalowetsa. Mukaipatsa 230V, mawaya ake otulutsa nawonso amakhala ndi 230V. Ndiye mukalumikizapo fani yochotsa m'kompyuta, imene ndi ya 12V, ipserera pomwepo ndipo mudzangomva fungo. Mukasemphanitsa mbali inayo, kuika babu la 230V pa kontirola ya 12V, palibe chimene chipse, koma babulo silitentha ndipo mazira azizira.

Ena, monga STC-1000, satulutsa magetsi m'pang'ono pomwe. Timabowo take ta nambala 5 ndi 6 topita ku babu ndi swichi chabe: imatseka ndi kutsekula njira. Muyenera kubweretsa nokha waya wamoyo pa 5, ndipo wochokera pa 6 upite ku babu. Anthu ambiri amabweza kontirola yabwinobwino ku sitolo, akuti ndi yakufa, pamene sanaipatse magetsi oti idutsitse. Ine ndimaikonda kontirola yotereyi, chifukwa ikhoza kumayendera 230V koma n'kumayatsa chotenthetsera cha 12V chochokera ku batire. Chachikulu n'chakuti mawaya a mbali ziwirizo asakhudzane.

Onaninso zilembo AC ndi DC. Magetsi a ESCOM ndi AC, a batire ndi DC. Timamota tambiri totembenuza mazira timafuna AC, ndipo pa batire sitizungulira popanda inveta. Fani ya DC ili ndi waya wofiira wopita ku + ndi wakuda wopita ku −. Faniyo musaidutsitse pa kontirola, iziyenda usana ndi usiku kuti mpweya wotentha uzifika ngodya zonse.

Mavolti akagwirizana, ntchito sinathe. Werengani katundu amene mukuisenzetsa kontirolayo. Gawani mawati ndi mavolti kuti mupeze maampu. Babu la 100W pa 230V limakoka maampu osakwana theka, koma chotenthetsera cha 100W pa 12V chimakoka maampu opitirira 8. W3001 ya 12V malire ake ndi 120W, choncho zotenthetsera ziwiri zotero zaipitirira kale. Pa 12V gwiritsani waya wonenepa ndi waufupi, chifukwa wowonda umatentha mpaka kusungunuka. Ikani fyuzi pafupi ndi batire. Ndi kandalama kochepa poyerekeza ndi thireyi ya mazira 30 ndi masabata atatu otayika. Ndipo musagule babu la LED poganiza zosunga magetsi: limawala bwino koma kutentha kwake n'kochepa.

Polumikiza, zulani pulagi ku soketi, kungozimitsa swichi sikokwanira. Ngati mbali ya 230V simunaizolowere, itanani wodziwa zamagetsi, ndipo abwere ndi mita yake ayese mawaya otulutsa musanamangepo chilichonse.

Mukamaliza, yatsani makinawo opanda mazira kwa tsiku lathunthu. Ikanimo themometa ina pa msinkhu umene mazira adzakhale, muziyerekeza ndi nambala ya pa kontirola. Nthawi ndi nthawi zimitsani, zulani pulagi, n'kugwira mawaya ndi pamene mwamanga masikuluwu. Pakafunda, ndiye kuti simunamangitse kapena wayayo wachepa. Konzani kaye, mazira alowe mawa.