Nkhandwe ikayamba kuzungulira pakhomo panu

Kuno kwa Maseya sitili kutali ndi nkhalango ya Lengwe komanso minda ya nzimbe ya ku Nchalo, ndiye musadabwe kumva nkhandwe ikulira kuseri kwa nyumba. Imabwera madzulo kapena mbandakucha, ndipo chimaikoka ndi fungo la chakudya.

Yambani ndi dzala. Mikute, minga ya nsomba ndi matumbo a nkhuku musamangotaya pamtunda. Kumbani dzenje lofika m'chiuno chapatali ndi khola, ndipo muzithirapo dothi mukataya zonunkha. Ntchitoyi ndi ya m'mawa umodzi, ndalama palibe.

Kenaka khola la nkhuku. Ambiri amalimbitsa zipupa n'kuiwala pansi, pomwe nkhandwe imalowa pokumba. Mangani khola la m'mwamba pa nsichi zinayi, phaka lake lifike pachifuwa panu. Nkhandwe sikwera, ndiponso madzi akasefukira nkhuku zimapulumuka. Anthu awiri atha kumaliza m'masiku awiri. Mitengo ndi nsungwi zilipo kale, chogula ndi misomali. Waya wa nkhuku ndi wabwino koma ngodula, mtengo wake ungakudyereni nkhuku zingapo. Ngati simungathe, lukani nsungwi mothinana kuti ngakhale zala ziwiri zisalowe, chifukwa likongwe amadutsa pampata waung'ono. Makwerero muzichotsa usiku. Timbuzi tongobadwa kumene tisagone pabwalo, ngakhale kutenthe chotani mu Okutobala.

Musayerekeze kuthira tameki munyama kuti muphe nkhandwe. Woyamba kudya amakhala galu wanu kapena wa anzanu, ndipo mwana akhoza kutola. Pajatu nkhandwe yomweyo imakuchepetserani mbewa kumunda. Ikavuta kwambiri, kauzeni amfumu kuti adziwitse a nthambi yoona za nyama zakutchire.

Choopsa chenicheni ndi chiwewe. Nkhandwe yabwinobwino imathawa munthu. Mukaona ikuyenda masanasana mopanda mantha, ikudzandira kapena ikuchucha dovu, lowetsani ana m'nyumba, mangani agalu. Munthu akalumidwa kapena kukalidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, osathira mankhwala azitsamba, ndipo tsiku lomwelo pitani naye kuchipatala chapafupi kapena cha boma ku Chikwawa akabayidwe katemera. Osadikira kuti muone kaye, chifukwa zizindikiro zikayamba chiwewe sichichizika. Agalu anu muziwabayitsa katemera wa chiwewe chaka chilichonse. Funsani alangizi a ziweto tsiku limene afike m'dera lanu.