CIKUKU: MAKAPISOZI SANGATHANDIZE, KATEMERA NDIYE CIDA

Mwana akatentha thupi, makolo ambiri m'makomboni amathamangira kukagula makapisozi pa kantemba kapena kumsika. Koma ngati matendawo ndi cikuku, ndalamazo zangotayika, cifukwa makapisozi sapha kacilombo kamene kamabweretsa nthendayi.

Cikuku cimabwera ndi kacilombo ka mtundu wa vairasi. Vairasi ndi kakang'ono koposa bakiteriya, ndipo sikangaswane pa kokha. Kakalowa m'thupi kamabisala m'kati mwa tizigawo ta thupi tochedwa maselo, ndi kuwagwiritsa nchito yopanga tuzilombo twina tambirimbiri. Makapisozi anapangidwira kupha bakiteriya, conco vairasi saigunda konse.

MMENE CIMAFALIKIRA

Wodwala akatsokomola kapena kuyetsemula, kacilomboka kamatuluka ndi kutsala mumpweya mpaka maola awiri. Pa anthu 10 osalandira katemera amene akhala pafupi ndi wodwala, 9 amatenga matendawa. Ndico cifukwa cake cikuku cimathamanga kwambiri kumene banja lonse ligona m'cipinda cimodzi, m'makalasi odzaza, m'maminibasi ndi pamaliro.

Coopsa ndi cakuti mwana amayamba kupatsira anzake masiku 4 nsungu zisanaoneke, ndipo amapitiriza masiku ena 4 zitatuluka.

ZIZINDIKIRO

Pakapita masiku 10 mpaka 14 kacilombo katalowa, mwana amatentha thupi, amatsokomola, amacita cimfine ndipo maso amafiira. Pambuyo pake nsungu zimayamba kumaso ndi kumbuyo kwa makutu, ndi kutsikira thupi lonse.

Cikuku cimafooketsa mphamvu ya thupi yolimbana ndi matenda ena. Apa ndipo pamalowera cibayo, kutsegula m'mimba, mafinya m'makutu, ngakhale khungu. Ana osafika zaka 5, ana onyentcera ndi amene ali ndi HIV ndiwo ali pangozi yaikulu.

ZOYENERA KUCITA PANYUMBA

Mwana woganiziridwa cikuku apite naye ku kiliniki tsiku lomwelo, ndipo mayi auze anasi akangofika kuti asakhale pamzere ndi ana ena. Kumeneko mwana amapatsidwa vitamini A, amene amachinjiriza maso ndi kucepetsa ngozi ya imfa. Mankhwala opha bakiteriya aperekedwe ndi a cipatala okha, akaona kuti cibayo kapena matenda a m'makutu alowererapo.

Kunyumba mwana ayamwe, amwe madzi ambiri ndi kudya phala pafupipafupi. Kumusambitsa sikubweza nsungu m'kati monga ena amanenera. M'maso asathiridwe mankhwala a zitsamba, cifukwa akhoza kuononga maso.

KATEMERA KAWIRI

Katemera amaphunzitsa thupi kudziwa kacilomboka kasanabwere, kotero kakafika kamapeza asilikali a thupi ali okonzeka. Mu 2010 ndi 2011 mliri wa cikuku unabuka muno m'Zambia ndipo unavuta kwambiri mu Lusaka. Mu 2013 Boma linaonjeza katemera waciwiri, popeza ana ena satetezeka ndi woyamba yekha.

Tsopano mwana alandira katemera pa miyezi 9, ndiponso pa miyezi 18. M'makiliniki a Boma ndi waulere. Bambo ndi mayi onse awiri ayang'ane khadi la kusikelo lero lomwe. Ngati pali posalembedwa, mwanayo apite naye ngakhale miyeziyo inapitirira kale.