Mbaula ya Chitetezo: Nkhuni Zochepa, Nsima Yomweyo

Kalembera wa anthu wa 2018 anaonetsa kuti mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse m'Malawi muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo kumudzi ambiri akadali pa mafuwa atatu. Vuto la mafuwa likuoneka ndi maso: malawi amatulukira m'mbali, mphepo imawakankhira kwina, ndipo kutentha kumene kumafika pansi pa mphika n'kochepa poyerekeza ndi kumene kumangotayika. Mtolo umene mayi wasenza kuchokera kuphiri umatha msanga chifukwa theka la moto likuphika mphepo. N'chifukwa chake tikukulimbikitsani, amayi ndi abambo, kuti muyese mbaula ya Chitetezo, imene inayamba kufala kuchokera ku Mulanje ndipo boma linaidalira kwambiri pamene mu 2013 linalonjeza kuti pofika 2020 mabanja akhale atalandira mbaula zamakono 2 miliyoni.

Chitetezo ndi mbaula youmbidwa ndi dothi la mtapo, youmitsidwa pamthunzi kwa masabata angapo, kenako n'kuotchedwa mu uvuni. Ili ndi khomo limodzi lolowetsera nkhuni, timitu titatu pamwamba tokhazikapo mphika, ndi zogwirira ziwiri zonyamulira. Khoma lake limatchinga mphepo n'kukakamiza malawi kukwera molunjika pansi pa mphika, ndipo dothilo likatentha limasunga moto nthawi yaitali, moti nyemba zimapitiriza kuwira ndi nkhuni imodzi yokha. Kuyesa kosiyanasiyana kwaonetsa kuti banja limapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a nkhuni. Imalandiranso zimene pa mafuwa zimangoti phwi n'kutha: zitsononkho, mapesi, tinthambi ndi mitengo ya nandolo mukakolola.

Koma phindu limeneli limadalira kasamalidwe. Pogula, igogodeni ndi chala: yopsa bwino imalira ngati mtsuko wabwino, yosapsa kapena yang'alu imamveka mogontha. Tsiku loyamba sonkhani moto waung'ono kuti dothi lizolowere. Gwiritsani ntchito nkhuni zouma, zowaza tizidutswa, ziwiri kapena zitatu basi, chifukwa mukadzaza khomo mpweya sulowa ndipo utsi umachuluka. Chotsani phulusa musanakoleze moto, vundikirani mphika, musazimitse moto ndi madzi mbaula ili yotentha, ndipo musaisiye pamvula.

Ena amati dothi limasweka, pomwe mafuwa ndi aulere. N'zoona kuti mbaula ikagwa imaphwanyika, koma yosamalidwa imatumikira zaka, ndipo mafuwa si aulere ngati muwerengera ndalama za nkhuni kapena maola amene mtsikana amathera kuthengo m'malo mokhala m'kalasi. Ena amaopa kuti povundula nsima idzagwedezeka. Ikhazikeni pansi posalala ndipo mphika ukhale wolingana nayo. Pa ukwati kapena pamaliro, pamene pamafunika miphika ikuluikulu, mafuwa akhoza kugwirabe ntchito, koma zimenezo si za tsiku lililonse. Kwa a ku Dedza, Ntcheu ndi madera ena ozizira amene amati mu Juni ndi Julayi amafuna kuotha, dziwani kuti khoma la mbaula limapitiriza kutulutsa kutentha mukamaliza kuphika, ndipo mwana wokwawa sangagwere pamoto mosavuta monga zimachitikira pa mafuwa. Chokhacho, musagone ndi moto kapena makala oyaka m'chipinda chotseka, chifukwa mpweya wake umapha mwakachetechete.

Pa nkhani ya utsi tinene chilungamo. Chitetezo imauchepetsa koma siiuthetsa. Kafukufuku wamkulu amene anachitika ku Chikwawa ndi ku Karonga, pogwiritsa ntchito mbaula zina zoyaka bwino kuposa iyi, anapeza kuti kusintha mbaula kokha sikunachepetse chibayo mwa ana osakwana zaka 5. Choncho phikirani panja kapena m'khitchini ya mazenera, ndipo khanda lisakhale kumsana pamene utsi uli tolotolo. Gasi ndi magetsi ndiye zophikira zaukhondo zedi, ndipo amene angakwanitse kugula silinda n'kumaidzazitsa achite zimenezo. Koma banja la kumudzi, kumene malo odzazitsira gasi ali kutali ndipo ndalama imabwera pokolola, silingadikire tsiku limenelo mitengo ikutha m'mapiri ndipo dothi likukokolokera mu Shire. Mbaula imene ikuumbidwa ndi magulu a m'dera lanu, pamtengo umene mungaufikire, ndi imene ingayambe kukuthandizani chaka chino. Funsani alangizi a zankhalango kapena a zaulimi kuti akulozereni gulu loumba, ndipo mukagula, werengani masiku amene mtolo umodzi ukutha kuti mudzionere nokha kusiyana kwake.