Mankhwala a Matenda a Maganizo ndi Vuto la Mkodzo: Dziwani Ufulu Wanu

Kabukuka ndi ka inu amene mumalandira mankhwala a matenda a maganizo pa chipatala cha boma cha Karonga, ku Chilumba, ku Kaporo kapena pa chipatala china m'boma lino, komanso ka abale amene amakusamalirani. Mankhwalawa amathandiza, koma kwa anthu ena amasokoneza kakodzedwe. Manyazi amachititsa ena kungosiya kumwa mwakachetechete, matenda n'kuyambiranso. Musatero. Kaneneni kuchipatala, ndi ufulu wanu.

Chimachitika n'chiyani?

Chlorpromazine, amene ambiri amamudziwa kuti Largactil, amafooketsa minofu imene imafinya chikhodzodzo. Munthu amamva mkodzo koma ukatuluka ndi wongodontha, kapena sutuluka n'komwe. Benzhexol kapena kuti Artane, amene amaperekedwa pochepetsa kuuma thupi ndi kunjenjemera kobwera ndi haloperidol kapena jakisoni wa fluphenazine, amakulitsa vutoli. Amitriptyline nayenso amatero. Abambo achikulire amene prostate yawo (kachiwalo ka pansi pa chikhodzodzo) inakula ndiwo ali pachiopsezo kwambiri, ndipo kudzimbidwa kumawonjezera.

Kwa ena zimakhala zosiyana: mkodzo umawapulumuka, kapena amakodza pogona chifukwa mankhwala amawagonetsa tulo tofa nato. Zimenezi zimachitika ndi clozapine, nthawi zina ndi risperidone. Si ulesi, si mwano, ndiponso si kulodzedwa. Ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi zikhoza kusonyeza matenda a shuga, omwe ena mwa mankhwalawa amayambitsa.

Thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo ngati:

• mkodzo watsekeka, pansi pa mchombo patupa ndipo pakupweteka;
• thupi latentha kwambiri, lauma, mutu wasokonezeka ndipo mkodzo wada;
• chida cha abambo chadzuka osagwa kwa maola 4.

Musadikire tsiku la kiliniki. Mkodzo ukatsekeka, achipatala amautulutsa ndi kachubu, ndipo kuchedwa kumawononga impso.

Ufulu wanu

1. Kuuzidwa dzina la mankhwala anu, ntchito yake ndi mavuto amene angabwere nawo, m'chiyankhulo chimene mumamva. Ngati ndi Chingonde kapena Chitumbuka, pemphani womasulira.
2. Kumvedwa. Kudwala maganizo sikutanthauza kuti dandaulo lanu ndi lopanda mutu.
3. Kuyezedwa. Si vuto lililonse la mkodzo limachokera ku mankhwala. M'mbali mwa nyanja ndi m'minda ya mpunga muli likodzo, choncho magazi mu mkodzo kapena kuwawa pokodza n'zofunika kuziyeza.
4. Ulemu ndi chinsinsi. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994 amateteza ulemu wa munthu mu gawo 19 ndi chinsinsi chake mu gawo 21. Palibe woyenera kukunyozani kapena kulengeza vuto lanu pamzere.
5. Thandizo laulere m'zipatala za boma.

Muchite chiyani?

Tengani buku lanu la kuchipatala ndi mankhwala onse amene mukumwa, azitsamba ndi ogula m'golosale omwe. Fotokozani pamene vutoli linayamba, ngati ndi la usiku kapena masana, komanso ngati linadza mankhwala atangosinthidwa. Pemphani kuti zilembedwe m'bukumo. Dokotala kapena namwino wa matenda a maganizo akhoza kuchepetsa mlingo, kusintha nthawi yomwera, kapena kukupatsani mtundu wina. Musasinthe nokha. Vuto likapitirira, funsani za kalata yokutumizani ku Mzuzu, kumene kuli chipatala chachikulu komanso chipatala cha St John of God.

Kunyumba, musadzimane madzi poopa kunyowetsa pogona. Karonga ndi kotentha, ndipo kuchepa kwa madzi m'thupi n'koopsa kwa omwa mankhwalawa. Imwani okwanira masana, chepetsani madzulo, ndipo kodzani musanagone. Mowa upeweni. Achibale, musakalipire wodwala kapena kumuchititsa manyazi pamaso pa ana.

Mukapanda kuthandizidwa

Yambani ndi mkulu wa pachipatalapo kapena komiti ya chipatala. Zikakanika, pitani kwa Ombudsman wa pachipatala, amene ntchito yake ndi kulandira madandaulo a odwala, kenako ku ofesi ya mkulu wa zaumoyo m'boma. Dandaulo la khalidwe la dokotala limapita ku Medical Council of Malawi, la namwino ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Ngati ufulu wanu waphwanyidwa, bungwe la Malawi Human Rights Commission limalandiranso madandaulo. Lembani tsiku, malo ndi zimene zinachitika. Pemphaninso achipatala kuti atumize lipoti la vuto la mankhwalalo ku Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, bungwe loona za mankhwala m'dziko muno.

Simukuyenera kusankha pakati pa kuchira maganizo ndi kukodza bwino. Pitirizani kumwa mankhwala anu, ndipo mukaona chachilendo, kaneneni msanga.